Ndinabisira dokotala banga lakumsana

Aphungu,

Ndine mtsikana wosoka zovala, ndipo ndili pachitomero ndi mnyamata wokonza magalimoto. Nkhani iyi sindinauzeko munthu, ngakhale mnzanga amene timasokera limodzi pakhonde la sitolo.

Ndinabadwa ndi banga lalikulu lakuda bii, laubweya, loyambira pakati pa msana mpaka kumatako. Kusukulu anzanga ataliona ndikusintha malaya anandipatsa dzina loti Chikopa, ndipo kuyambira pamenepo ndimavula nditakhoma chitseko. Zovala zanga ndimasoka ndekha, zotseka mpaka m'khosi. Makasitomala amati ndine wopemphera kwambiri, osadziwa kuti ndi manyazi.

Chaka chino mutu unayamba kundipweteka mosalekeza, ndipo polowetsa ulusi singano ndinkaiona pawiri. Tsiku lina ndinagwa pamakina n'kukomoka. Kuchipatala anandijambula mutu n'kupeza chotupa. Dokotala anati akukayikira kuti ndi melanoma, khansa imene kawirikawiri imayambira pakhungu, koma mwa apo ndi apo imayambira muubongo momwemo.

Kenako anandifunsa kuti, "Muli ndi banga lililonse pathupi?" Pambali pa bedi panali bwenzi langalo ndi mayi ake. Ndinayankha kuti ayi. Mayiwo anathirirapo ndemanga monyadira: "Ameneyu khungu lake ndi see ngati la khanda, adokotala."

Dokotala anandipatsa tsiku loti akandione khungu lonse ndi maso omwe. Ndinafika pageti la chipatala, koma ndinabwerera osalowa. Bwenzi langa ndinamunamiza kuti mzere unali wautali. Panopa madokotala akukonza zodzadula kachidutswa ka chotupacho kuti akakapime.

Aphungu, manyazi akundipha. Kodi sangangondipima m'mutu mokha, kumsanaku n'kukusiya? Ndikuopa kuti nkhani ikafika kwa mnyamatayu ndi mayi ake, ukwati wathera pomwepo.

T.K.

Mchemwali wanga T.K.,

Pepani ndi matendawa, pepaninso ndi dzina lija. Ana asukulu ali ndi pakamwa poipa, koma aja anakula n'kuiwala, inu nokha ndi amene mwatsala mutalisenza.

Yankho ndi loti ayi, sangakusiyeni kumsana. Dokotala safunsa za banga pofuna miseche. Akufuna kudziwa kumene matenda ayambira, chifukwa khansa yochoka pakhungu n'kukwera kumutu saithandiza mofanana ndi yoyambira muubongo. Komanso anthu ena obadwa ndi banga lalikulu ngati lanulo amakhalanso ndi timadontho takuda m'kati mwa mutu, pa kachikopa kokuta ubongo. Sindikuti ndi mmene zilili kwa inu, ine si dokotala. Ndikungoti chimene mwabisacho chikhoza kukhala chimene iwo akuchisaka.

Ndiye mawa makina apume. Bwererani kuchipatala, mukapemphe kuonana ndi dokotala muli nokha, ndipo mukanene kuti povula pakhale namwino wamkazi. Ndi ufulu wanu umenewo. Mawu akakakana kutuluka, ingotembenukani n'kukweza bulauzi. Inu nomwe mumazunguza tepi m'chiuno mwa anthu tsiku ndi tsiku, kodi mimba zawo mumapita nazo kumsika? Madokotala nawonso ntchito yawo imawaletsa kuulula za odwala, ndipo aona zambiri zoposa banga.

Za mnyamatayo, nanga mumati mudzakhala naye m'nyumba mutavala mpaka m'khosi moyo wonse? Muuzeni nokha, muli awiri, mayi ake palibe. Munthu amene wakhala pambali pa bedi atamva mawu oti khansa, osathawa, ndikukayika ngati angathawe banga. Akathawa mudzalira, inde, koma mudzalira muli moyo.

Chenjezo langa ndi ili: musalipake mankhwala oyeretsa khungu, musalimete, ndipo wina asakutemeni mphini pamenepo. Mukakomokanso, kusanza kapena kufooka mbali imodzi, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira.

Madokotala aja akukonzekera kutsegula mutu wanu atakhulupirira "ayi" wanu uja. Pitani mukawauze zoona asanatole mpeni.

Aphungu