Ng'oma ya Bambo ku Mersin

Lolemba, 12 Meyi, Kırşehir

Foni iwe, lemba zimene ndikunena, usandinamizire ngati dzulo. Mpikisano wa ku Mersin uyamba Lachisanu. Wopambana pa kudumpha patali alowa timu ya dziko. Wopambanayo ndine, Gülizar. Anzangawo akungopita kukanunkhiza nyanja.

Lero miyendo yopepuka. Aphunzitsi a Nurten kutsogolo kwa dzenje la mchenga, kuwomba m'manja, ine kuthamangira komwe kukumveka manjawo. Akafuula "Hop!" ndimauluka. Maso anga ndi manja awo amenewo. Amvekere, "Iwe khutu lako lingamve nyerere ikutsokomola."

Lachitatu, 14 Meyi

Bambo akubwera nawo! Zaka zonsezi ankati, "Mwana wosaona kumadumpha mumchenga ngati chiwala, anthu atinena chiyani?" Lero abwereka minibasi, adzazamo azakhali ndi achimwene a Tayfun. Mayi akulunga mikate ya tchizi yokwanira mudzi wonse.

Ife ndi banja la ng'oma. Dera lino palibe ukwati umene unadutsa popanda ng'oma ya Bambo. Pomwa tiyi anati, "Ukwati wako sindinauimbire, mwanawe, koma izi ndiimbira." Ndinaseka, kenako ndinakalirira kubafa. Ndikuyesa ndi kalankhulidwe chabe.

Lachisanu, 16 Meyi, Mersin

Bondo latupa.

Woulutsa mawu anapempha bata, monga mwa nthawi zonse. Ndanyamuka, ndikutsata manja a aphunzitsi, mwadzidzidzi gu! gu! gu! Ng'oma. Chitoliro cha achimwene pamwamba pake. Manja aja anasowa. Ndinapatukira kumanzere, n'kukagwera pa simenti. Maulendo otsalawo ndinadumpha mano ali gwa, ndalowa m'ndime yomaliza ndili kumchira. Oyang'anira ati ikaliranso ng'omayo awatulutsa onse.

Ndinawakalipira pagulu: "Bambo, pano si paukwati!" Azakhali a Döndü akuti Bambo tiyi anawazizirira m'manja.

Loweruka, 17 Meyi

Madzi oundana pabondo tsiku lonse. Za mawa sindikuopa, malo oyamba ndi anga bola khutu lindimvere. Chondipweteka ndi mawu anga adzulo aja.

Bambo anabwera masana. Ine ndili pomwepo, koma anafunsa aphunzitsi: "Mayi mphunzitsi, kodi kuno munthu amamuthandiza bwanji mwana wake?" Aphunzitsi anati, "Pokhala chete." Bambo anapumira m'mwamba. "Ntchito imeneyo sindinaiphunzirepo."

Lamlungu, 18 Meyi

Bwalo lonse zii. Ndinkamva ngakhale mbendera ikukupiza. Achimwene akuti Bambo anachita kukhalira manja awo onse awiri.

Manja a aphunzitsi omveka bwinobwino. Bondo ndinaliiwala. Hop! Mchenga unachedwa kundilandira, ndinadziwa ndisanatere. Palibe anandipeza mpaka kumapeto. Ndalowa timu ya dziko!

Atadumpha womaliza, aphunzitsi anatembenukira kugulu n'kufuulira Bambo, "A Cemşit, yamasukani, imbani tsopano!"

Inalira. Koma chibadwire ndakhala ndikuimva ng'oma imeneyi, sinaphonyepo ngakhale paukwati wa m'chipale chofewa. Lero imadukiza, imathamanga, imaima, ngati ya mwana wophunzira kumene. Achimwene atatsika ndinawafunsa ngati manja a Bambo achita dzanzi.

"Manja ali bwinobwino, mlongo. Mwini wake ndiye akulira."

Ndinawauza andigwire mkono andiperekeze komweko. Ng'oma yophonyayo ndaivina, ndi bondo lotupa lomweli.