Zala Zimene Makina Anakana

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa amayi. Kodi mwendo wa amayi uja unaphwa? Nanga maso anuwo akuonabe ngati muli mu utsi? Kuno tonse tili bwino. Mkamwini wanu akugwirabe ntchito kugalaja kuja. Mdzukulu wanu wayamba kukwawa, ndipo chilichonse chimene wapeza pansi chimathera mkamwa. Dzulo ndinamulanda chivundikiro cha botolo, analira mpaka oyandikana nafe anabwera kudzafunsa ngati wapsa.

Ndasankha kalata chifukwa pafoni simundilola kumaliza mawu. Ndikangoyamba nkhani ya maso mumati moni wakwana, n'kupereka foni kwa amayi. Kalata ilibe batani lozimitsira. Ndikudziwa kuti akukuwerengerani ndi amayi, choncho amayi, musadumphe mzere ngakhale umodzi, ine ndidzadziwa.

Madokotala a maso aja akubwera kuchipatala chachikulu kumapeto kwa mwezi wamawa. Amabwera kamodzi pachaka. Ndinakafunsa, ndipo namwino anandiuza kuti ng'ala ngati yanuyo amaichotsa m'mawa, tsiku lotsatira munthu n'kumaona. Koma anati salemba munthu pamndandanda popanda chiphaso cha unzika. Ndinachonderera mpaka kumutchula mchemwali, iye anangondionetsa kompyuta yake kuti popanda nambala ya pachiphaso sipita patsogolo.

Ndiye alamu anga anandiimbira n'kundiuza zimene zinachitika kumeneko. Akuti olembetsa anthu atabwera kusukulu, munapita ndithu, munaima pamzere, munaika zala pagalasi la makina katatu konse, makinawo osaonetsa kanthu. Mlembi anakuuzani kuti makina akukanani, muzipita. Akutinso pa tsiku la mapemphero mlaliki anakuimitsani kutsogolo, n'kukukwezani manja, n'kuuza mpingo kuti makinawo amadinda chizindikiro cha chilombo, ndipo Mulungu anabisa zala za mtumiki wake. Ndamva kuti amayi ena analira, ndi kuti tsopano anthu amabwera kunyumba kudzakugwirani chanza.

Bambo, nditamva ndinayamba ndaseka, kenako ndinakwiya, kenako ndinakhala pansi n'kulira. Inu mukudziwa kuti makina amenewo ndiyo ntchito yanga. Chaka chachinayi tsopano ndikukhala kuseri kwa tebulo, kugwira manja a anthu n'kumawaika pagalasi. Mkati mwake muli kanyali kobiriwira ndi kakamera, basi. Kamajambula timizere ta pachala, ngati mmene ankachitira kale ndi inki. Makinawo akafa timaitana munthu wa sikuludilaiva, ndipo sindinaonepo chilombo chikutulukamo, koma fumbi ndi mphemvu yakufa.

Anthu amene makina amawakana ndimawadziwa asanafike n'komwe patebulo. Ndi amayi ochapa zovala za anthu, abambo oumba njerwa, osoka nsapato, ndi omanga nyumba ngati inu. Sopo ndi simenti zimadya timizere tija mpaka chala chimasalala ngati sopo wotha. Sabata yatha kunabwera mayi wina wotsuka mbale kulesitilanti, makina anamukana, iye n'kundifunsa motsitsa mawu ngati zikutanthauza kuti boma silimuwerenga ngati munthu. Ndinamuuza kuti ayi, ndi sopo chabe amene anadya timizere ta zala zake.

Musaganize kuti ndikuikira kumbuyo makinawo. Amene anawapanga ali ndi manja ofewa, sanaganizire za munthu amene wagwira simenti zaka makumi anayi popanda magolovesi. Koma lamulo linaika njira. Zala zikakanika katatu, mlembi amadzaza fomu ina yonena kuti zinafufutika ndi ntchito, amajambula nkhope, mkulu wa ofesi n'kusaina. Chiphaso chimatuluka chimodzimodzi. Mlembi wa kumeneko mwina sankadziwa, mwina ankathamangira kuweruka. Safunsa anadya phula, koma apa phula lake anadyetsa inu.

Palinso china chimene chikundiwawa. Kuno kuofesi timaona chiwerengero cha olembetsa dera lililonse, ndipo kwanuko chatsika kwambiri chichitikire nkhani yanuyo. Wopanda chiphaso savota. Bambo wina wa ndale anabwera kudzafunsa chiwerengerocho, atamva anamwetulira n'kunena kuti anthu opemphera asamakakamizidwe. Ndinadziwa kuti chikumukondweretsa si pemphero, koma kuti dera limenelo silimuvotera. Tsiku lomwelo anzake a chipani china anali pa wailesi kunena kuti makinawo anabwera kudzaba mavoti. Aliyense wawapezera ntchito makinawa, ndipo onsewo ziphaso zawo zili m'thumba.

Za mlaliki sindinena zoipa. Anabwera kudzapemphera nafe pamene achimwene anagonekedwa m'chipatala, ndipo sindinaiwale. Ndikhulupirira kuti ananena zimene anaganiza kuti n'zoona. Koma iye amavala mandala, Bambo, ndipo mandalawo anamuyeza ndi makina.

Inunso ndinu amene munandiphunzitsa kusakhulupirira diso lokha. Ndili wamng'ono ndinkakuperekezani kumene munkamanga, ndikati khoma laongoka, inu munkandipatsa levulo kuti ndiike ndione kathovu kaja. Munkati Mulungu anatipatsa maso, koma anatipatsanso nzeru zopangira levulo chifukwa amadziwa kuti maso amanama. Lero ndangokubwezerani mawu anu omwe.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Alamu anga akuti mukukwerabe makwerero, mukuyala njerwa mopapasa, ndipo mwezi watha munaphonya sitepe n'kugwera pa mulu wa mchenga. Munawauza kuti asandiuze. Pakanakhala pa mulu wa miyala, bwenzi kalata ino ndikulembera amayi okha. Ndili ndi mantha, Bambo, ndipo sindikubisa. Madokotalawa akapita, ndiye mpaka chaka chamawa, ndipo sindikudziwa ngati makwerero adzakudikirani.

Ndikudziwanso chimene chikukuvutani. Munthu amene anakwezedwa manja pamaso pa mpingo wonse, kuti mawa aoneke pamzere womwe uja, anthu adzati chiyani? Manyazi amenewo ndikuwamva. Nchifukwa chake pempho langa ndi limodzi lokha. Kwerani basi Lolemba la sabata ya mawa, mubwere kuno pamodzi ndi amayi. Mkamwini wanu adzakuchingamirani pa depoti. Mudzalembetsa patebulo langa, fomu ija ndidzadzaza ndine, ndipo chiphaso chidzatuluka nthawi ya madokotala isanakwane. Zoti mukauze mpingo kapena ayi, zimenezo mudzaganiza nokha mukadzayamba kuona. Ine sindikutumani.

Ngati mukukayikabe, chitani ichi amayi akamaliza kuwerenga. Tulukani pakhomo, mugwade pa sitepe ya pakhonde, kumanzere. Mukukumbukira tsiku limene munaitsiriza? Ndinali ndi zaka zinayi. Munagwira dzanja langa n'kulidinda pa simenti yaiwisi, ine n'kulira kuti ndikufuna lanunso, inu n'kudinda chala chanu chachikulu pambali pake. Nditabwera chaka chatha ndinachiyang'anitsitsa, poti ndiyo ntchito yanga. Timizere tikuonekabe, tozungulira bwinobwino. Amayi akuuzeni ngati ndikunama.

Mulungu anakupatsani zala zokhala ndi mizere ngati wina aliyense, ndipo sanazibise. Zinathera m'makoma a sukulu ija, m'nyumba za anthu, ndi m'tchalitchi momwe anakukwezani manjamo. Zanga makina amaziwerenga kamodzi n'kamodzi, chifukwa inu simunalole kuti ndinyamule thumba la simenti ngakhale tsiku limodzi, munkati ndigwire cholembera. Manja anuwo ine ndimawalemekeza kuposa mmene mpingo ungawalemekezere, ndipo safunikira chozizwitsa chongopeka.

Mdzukulu wanu munangomupapasa nkhope ali ndi sabata ziwiri, n'kunena kuti mphuno ndi ya kwa bambo ake. Munalakwitsa. Mphunoyo ndi yanu, makutunso ndi anu, mwana wosalakwa. Sinditumiza chithunzi choti amayi azikufotokozerani. Bwerani mudzadzionere nokha, mudzapepese.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu anga, ndipo musawakalipire chifukwa choulula, ndinachita kuwaumiriza. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi ana awo onse, ndi kwa amisiri anzanu. Mlaliki nayenso mumupatse moni wanga, ndikunena zoona. Amayi, mutenge juzi, kuno m'mawa kukuzizira.

Lolemba ndidzapukuta galasi la makina lija, ndipo dzanja lanu ndidzaligwira ndine, ngati mmene munagwirira langa pa sitepe paja.

Ndine mwana wanu wamkazi,
amene mumamutcha Kamlomo