Ndege ya Abambo Yaulukanso

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chinakanaka tonse tilipo, kungoti abambo maso ayamba kuwavuta.

Mukuikumbukira ndege ija munapanga ndi abambo, ya matabwa a bokosi la tiyi? Chichokereni inu inangokhala kudenga. Loweruka lapitali abambo anaitsitsa, namata phiko linang'ambika lija, natsuka kainjini kamene anawapatsa makaniko wa ku esiteti.

Tinapita nayo kubwalo la mpira. Iwo anaima pakati atagwira mawaya awiri aja owongolera ndege, ine ndinagwira kumchira monga munkachitira inu. Injini italira anakweza dzanja, ine n'kuitaya. Inazungulira kasanu abambo akuzungulira nayo, kenako anapinda mkono, ndege n'kukwera, kutembenuzika chagada m'mwamba, n'kubwerera bwinobwino. Fungo la mafuta lija linandikumbutsa masiku amene ndinkakuonererani nditakhala pa udzu.

Mafuta atatha inatera yokha, abambo n'kukhala pansi ndi chizungulire. Ndinawathamangira.

"Sindimaiona bwino, mwanawe," anatero. "Ndimangoimva ikukoka m'mawayamu. Yatembenuzika?"

"Yatembenuzika, bambo."

"Ukawalembere achimwene ako. Ankati nkhalamba singathe."

Ndiye ndalemba. Akuti muwatumizire pulagi ya injini, yakaleyi yatopa. Koma ine ndikuti mubwere nayo nokha pa Khirisimasi, akadatha kukuzindikirani mukamalowa pakhomo.

Amayi akupereka moni wambiri. Mulungu akusungeni mumgodimo.

Ndine mlongo wanu,
Esinati