Chikwama cha Ulendo wa ku Blantyre

Lachinayi. Tsiku lolemera, mvula yosakata chiyambire m'mawa.

Ndinapita ku Lisungwi kukafuna chikwama chobereka kumsana. Kuchipatala atiuza kuti amuna anga apite ku Blantyre, chotupa cha m'mimba chija akachione madokotala akuluakulu. Chikwama cha m'manja sichingandithandize, chifukwa manja onse awiri ndikhala nditawagwira iwo pokwera minibasi.

Mayi wogulitsa kaunjika anandionetsa chofiira chokongola, koma nditakoka zipi inakana pakati. Ndinasankha chakuda chachikale, cha nsalu yokhuthala, malamba ake osokedwa kawiri. Ndinachikoka mwamphamvu, ulusi osathothoka. Nchaching'ono moti ndichifungatira pamiyendo, kondakitala asakachiponye kumbuyo.

"Kodi mukakhalako masiku angati?" anandifunsa mayiyo. Ndinati sindikudziwa.

Nditafika kunyumba ndinayamba kulongedza buku lakuchipatala, zitenje ziwiri, kapu, ndi malaya awo atatu. Iwo ali chigonere pamphasa anati, "Amake Tamanda, malaya ikanimo amodzi basi. Enawo angadzakulemereni pobwerera."

Ndaikamo onse atatu iwo asakuona. Koma mmene ananenera muja, mofatsa, osandiyang'ana n'komwe...