Kachingwe ka Sizasi Yanu, Achemwali

Achemwali, lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni. Tinabwerera kwathu kuno pa ndege imodzi, inu m'bokosi kunsi kwa katundu, ine pampando wa pazenera, titatha zaka makumi awiri ndi ziwiri m'dziko la eni. Chithunzi chili pamwambachi asankha ndi ana anu. Tsiku limene chinajambulidwa ine ndinaima pambali panu, koma andidula. Chatsala ndi chigongono changa chokha, kumanzereko. Sindikudandaula. Ndangoti mudziwe.

Tinachoka limodzi, ine ndi mapepala a uphunzitsi m'fayilo, inu ndi sizasi m'chikwama. Wophunzira pabanja pathu ndinali ine, woti mabuku ndinkawerenga mpaka maso kufiira. Inu sukulu munaisiyira panjira. Titafika uko anayang'ana mapepala anga nati ndiyambirenso mayeso. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinakolopa makalasi a ena, ndikuona zolakwika pabolodi, mopu m'manja, choko osaloledwa kuchikhudza. Sizasi yanu palibe anaifunsa satifiketi. Munayamba ndi kusoka zipi m'kachipinda ka pansi pa masitepe, chaka chisanathe anthu ankadikirira pabenchi. Chilankhulo chawo munkachithyola mopanda manyazi, iwo n'kumaseka nanu mpaka misozi. Ine ndinkachilankhula molongosoka kuposa eni ake, koma palibe anandiitanapo kunyumba kwake. Pamene ndinkakhoza mayeso aja imvi zinali zitayamba, ndipo anandipatsa kalasi ya akuluakulu, masiku awiri pa sabata. Munavina m'khichini monga mwakhoza ndinu. Kuvina kwanuko kunandipweteka kuposa mopu.

Simunkalemba manambala. Munthu aliyense womusokera koyamba, munkadula kansalu kotalika pa zotsala za chovala chake, n'kumanga mfundo zitatu: ya mapewa, ya chifuwa, ya chiuno. Tizingwe timeneti tinkalendewera pamisomali khoma lonse, topanda dzina, koma inu munkangoona mtundu wa nsalu n'kudziwa mwini wake, ana ake ndi matenda a amuna ake. Ine ndinkati umenewo ndi umbuli, ndinakugulirani ngakhale kope. Munaika kopelo pansi pa mwendo wa makina kuti asamagwedere.

Ine munandisokera kamodzi kokha, diresi labuluu la timadontho toyera, lokavala tsiku limene ndinakaonekera kwa akuluakulu a sukulu koyamba. Atandikana ndinabwera n'kulivula pamaso panu, ndinati landionetsa ngati munthu wodzapempha ntchito ya m'nyumba. Zaka zonse zotsatira munkangoti, "Aphunzitsi, takwezani manja ndikuyezeni," ine n'kupinda manjawo pachifuwa. Ndinkagula zovala za m'sitolo zondithina m'khwapa, bola musandikhudze ndi luso lanulo.

Okulirani ndi ambiri, ndipo ndawawerenga bwino. Alamu anga amakhalabe mbali imodzi ya sofa, mbali yanu sailola mlendo. Mwana wanu wamkulu, namwino uja, anatsala uko, ndipo akuti mpaka lero amayi ena amamuimitsa mumsewu n'kumuonetsa msoko wa malaya awo. Adzukulu anu amakanganirana mpango wanu. Kuno nako, kumene munachoka kalekale, kuli amayi osunga madiresi aukwati amene munawasokera tisanapite. Ine ndinaphunzitsa ana mazanamazana m'tauni muno, koma akandiona amati, si mng'ono wawo wa atelala aja ameneyu? Ndinapita kusukulu yanga yakale. Mtengo umene tinkaimika njinga pansi pake anadula, laibulale anaisandutsa mosungira mipando yothyoka, ndipo mphunzitsi wamkulu, mwana wa dzana, anandifunsa ngati mapepala anga akunja ndi ovomerezeka kuno. Ndinaseka ndekha pakhonde. Inu mukanangotulutsa sizasi.

Makina anu ndi thumba la tizingwe anandisiyira ine, poti wina aliyense analibe malo. Ndikuululireni, achemwali: zaka zitatu ndakhala ndikukhuthula thumbalo pamkeka, kufuna kabuluu ka timadontho toyera. Muli ka aliyense. Muli ka mwini nyumba uja wotitsekera madzi, muli ngakhale ka mayi amene anandikana ntchito, poti naye anadzakhala kasitomala wanu. Kanga munalibe. Ndinati chabwino, dziko lonse munalisunga pamsomali, ine munanditaya ndi zinyenyeswa. Ndinachita nsanje ndi anthu osawadziwa, ndinachita nsanje ndi inu muli m'manda, ndipo chikumbutso cha chaka chatha ndinakana kulemba.

Mwezi watha mayi woyandikana nane anabwera ndi siketi yoti ndimupindire m'munsi. Anati poti makina alipo, ndiye kuti luso lili m'magazi. Ndinatsegula kabati ya makinawo koyamba, kufuna sizasi. Inali momwemo, ndi chingwe chake chija munkachikoleka m'khosi kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, chakuda bii ndi thukuta ndi mafuta a makina. Chinali ndi mfundo zitatu. Nditamasula imodzi, mkati mwake munatuluka buluu, ndi kadontho koyera.

Ndinadziyeza. Mapewa ndi anga. Chifuwa ndi changa. Pachiuno pali makwinya anayi a mfundo zakale, iliyonse kutsogolo kwa inzake. Ndiye kuti zaka zonse zija ndikupinda manja, inu munkandiyang'ana patebulo ndikudya, n'kumasuntha mfundo mwakachetechete pamene ndinkanenepa. Yomalizayo yaperewera pang'ono, chala chimodzi. Ndaisuntha ndekha.

Siketi ija ndinaipinda mokhota, mwini wake anaivala choncho. Sabata ino kwabwera ina, ndipo ndadula kansalu kanga koyamba, ndakhoma msomali. Nsanje sinathe, musanamizidwe. Mpaka pano mukundiposa, ndipo msoko wanga mukanauona mukanaseka mpaka kugwira khoma.

Ine mng'ono wanu, alamu anga, ana ndi adzukulu, kukuiwalani sitingathe. Ine makamaka, poti ndakukolekani m'khosi.