Malata Anayi a Pakhonde

Lolemba, 3 Okutobala 1994

Masabata atatu chiwaikireni amuna anga, ba Phinias. Ndikadali pamphasa, mpango wakuda kumutu. Akuti mpaka abale awo andimete, andisudzule: khasu ayi, kuchitsime ayi, mchere m'ndiwo ayi. Wamasiye ndi wotentha, chimene wakhudza chimadwalitsa anthu. Ine wa Fomu 3, woimba kwaya, phee ngati mbuzi yapachingwe.

Kuseri kwa nyumba dimba likufa. Mabedi asanu ndi limodzi: repu, matimati, impwa, anyezi. Ndimalionera pakhonde limene ba Phinias anamanga okha. Malata anayi, benchi limodzi. Tikatha kuthirira tinkapumira pomwepo, mapazi m'beseni, iwo n'kumayamika Mulungu ngakhale chifukwa cha anyezi. Ndinkawaseka. Ambuye, ndinkawaseka.

Lachitatu, 5 Okutobala

Ndapempha ba Estina, mlongo wao wa malemu amene akundilondera, athirireko ndowa ziwiri chabe. Ati: "Ndinabwerera maliro, mulamu, osati ganyu." Koma matimati akupsa akuthyola, akudya ndi mchere ine ndikuona. Amenewo si otentha!

Dzuwa loopsa. Repu wagona.

Lamulungu, 9 Okutobala

Kutchalitchi sandilola. Kwaya ndaimvera kuno, alto palibe.

Ba Kingsford, akulu ao a malemu, afika kuchokera ku Shikabeta. Kukhala pabenchi, mbali ya ba Phinias yeniyeniyo, maso kudenga. Ati: "Kumeta sikuvuta, mulamu. Malata awa apite kwathu, mawa lomwe muli mfulu."

Ndiye nkhani yake ndi imeneyi. Njinga anatenga, wailesi, mbuzi zitatu. Manje afuna ndi mthunzi womwe.

Ndiulule: ndinalakalaka lata limodzi liwatsetserekere pakhosi. Pa tsiku la Ambuye. Ndipo chisoni sichinandigwirebe.

Lachiwiri, 11 Okutobala

Ndakana. Lamulo loteteza amasiye lilipo, ndinalimva pa wailesi imene ananyamulayo. Koma khoti lili kutali, ndipo repu sadikira khoti.

Mabedi awiri auma gwa. Ndayesa kupemphera, pakamwa pangotuluka dzina la ba Kingsford.

Lachisanu, 14 Okutobala

Ba Estina anapita kumsewu wa ku Chinyunyu kukacheza ndi ogulitsa nthochi. Masana, madzi amene ndinasamba ndinakawathira patsinde la magalagadeya, aja ba Phinias anabzala pansanamira ya khonde. Beseni limodzi basi.

Pobwera aona dothi lonyowa. "Mayo! Mufuna kutimaliza tonse?" Ine ndinati linagubuduka lokha. Bodza limenelo ndikulapa, Ambuye. Madziwo sindilapa. Mtengo munaulenga ndinu, kutentha akunenaku sindidziwa anakulenga ndani.

Aphikira padera, andiikira mbale pansi ngati galu.

Lolemba, 17 Okutobala

Ndavomera.

Dzulo ndinaima m'mphepete mwa dimba, manja kumbuyo, ndikuyang'ana bedi lachitatu likusanduka udzu. Khonde lija ba Phinias analimangira kuonera dimba. Kodi ndizikhala pamthunzi ndikuonera fumbi?

Ba Kingsford anayamba ndi malata, kumeta pambuyo, kuopa ndingasinthe maganizo. Msomali uliwonse kulira kwake. Ndi misomali yomwe, ba Kingsford anaiwongola ndi mwala n'kuika m'thumba. Kenako lumo pamutu panga. Ati: "Tapepukidwa, mulamu, tikhale bwino." Tsitsi likadali pansi ndinali nditanyamula kale ndowa.

Lachinayi, 20 Okutobala

Apita onse. Nyumba zii.

Kuchitsime maulendo khumi ndi asanu ndi awiri lero. Khosi likuwawa, mpala wapsa ndi dzuwa. Impwa zadzuka. Anyezi ali moyo, ouma mitu ngati mwini wake. Repu ndibzalanso.

Ndakhala pabenchi, mapazi m'beseni. Pamwamba mitengo yokhayokha, thambo pululu. Koma magalagadeya aja, amene malata ankawapanikiza, aponya kale kanthambi pamtanda. Masamba atatu. Mthunzi wake sukwana ndi chikhatho, unagwera mbali ya ba Phinias. Ndasunthira komweko.

Mkwiyo ulipobe, sindikunamizani. Za ba Kingsford musandifunse chaka chino. Koma ndatseka maso, ndayesa monga ankachitira ba Phinias.

Zikomo, Ambuye, chifukwa cha anyezi.