Nambala ya Malemu Yayamba Kuyankha

Okondedwa alamu anga,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndipo msana uja wasiya kukuvutani pa ntchito yanu yosamala nkhalamba za eni. Ife kuno tikudzuka. Amayi bondo likadali lomwe lija, koma pakamwa mphamvu zilipo. Amuna anga akuti moni. Sananene, ndangowanenera.

Musadabwe kulandira kalata ya pepala. Foni ndayamba kuiopa. Komanso inu, munthu akakulemberani uthenga wautali mumangoyankha ndi kachala koloza kumwamba. Ine wa madigiri awiri, kundiyankha ndi chala! Papepala palibe podina, ndiye muwerenga basi.

Khalani pansi kaye. Mwana wanu Kachiwala ali bwino, ali m'chipinda chinachi pamene ndikulemba. Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima ukhale m'malo.

Mukudziwa kuti chimusiyireni m'manja mwanga, foni yake ndakhala ndikuilondera ngati mlonda wa ku banki. Pasiwedi ndimaidziwa. Magemu ocheza ndi anthu osawadziwa ndinachotsa. Anzake a pa intaneti ndinawafufuza mmodzimmodzi kuti ndi ana a yani. Kusukulu kwathu ndine amene ndimaima kutsogolo pa msonkhano wa makolo n'kumawalalatira kuti asamagone tulo ana ali pa intaneti. Amandiwombera m'manja, alamu. Ena mpaka amalemba.

Dzina limodzi lokha sindinalitsegulepo: "Adadi". Ndikanalitsegula bwanji? Nambala ya achimwene, ndi chithunzi chawo akuseka, atavala chipewa chonyansa chija munalephera kuchitaya ali moyo. Titaika maliro, inu ndi ine tinagwirizana kuti nambalayo tisaifufute m'foni ya mwana. Nditaona kuti amalemberako timauthenga, ndinati musiyeni, ndi mmene akulirira bambo ake. Ndinakutchulirani ndi buku limene ndinawerengamo zimenezo.

Chimene bukulo silinanene n'chakuti nambala siikidwa m'manda. Ikakhalitsa osagwira ntchito, a kampani amaipereka kwa wina ngati nyumba ya lendi.

Miyezi yapitayi mwana anasintha. Anayamba kudya, kuyankha anthu, mpaka kundiseka kavalidwe. Ine n'kumadzitama kwa aphunzitsi anzanga kuti kulera n'kudziwa. Loweruka lapitali masana ndinamupeza akusita diresi lake la buluu, nkhope ili ngwee. Anati akupita kwa mnzake kukawerenga masamu. Masamu ake ati ofuna diresi losita? Ndisanayambe n'komwe mafunso, foni yake inawala patebulo, pafupi ndi dzanja langa. Nkhope ya achimwene, chipewa chomwecho, kuseka komweko. Pansi pake mawu akuti avale diresi la buluu lija, ndipo asawauze azakhali ake.

Za mizukwa ine sindikhulupirira, mumandidziwa. Koma ndinangopezeka ndakhala pansi pa simenti. Ndipo kwa kanthawi, ndi sukulu yanga yonseyi, ndinawakwiyira achimwene, kuti angalembere bwanji mwana, ine mlongo wawo osandilembera.

Ndinawerenga zonse, iye ataima pomwepo, simbi ikupsereza diresi. Kumtunda kuli mauthenga ake okhaokha, osayankhidwa: zimene wakhoza m'kalasi, basi imene amakwera, pamene amatsikira, kuti azakhali amalongolola ngati wailesi, kuti wawasowa amayi. Uliwonse umathera ndi mawu akuti "Kachiwala wanu". Kenaka mauthengawo anayamba kuonetsa kuti akuwerengedwa. Munthuyo anawerenga mwakachetechete kwa nthawi ndithu, kumuphunzira mwana wathu ngati akukonzekera mayeso. Ndiye tsiku lina anayankha.

Sananame kuti ndi achimwene, ayi, ndi wochenjera kuposa pamenepo. Anapepesa, nati nambalayo ndi yake tsopano, koma mauthengawo amuliritsa poti nayenso anataya mwana wamkazi. Anati apitirize kulemba, iye azimvetsera. Patapita nthawi anati akhoza kumamutchula kuti adadi. Kenaka anapempha chithunzi atavala yunifolomu. Kenaka china. Loweruka limenelo anali atapangana zokumana kuseri kwa depoti ya mabasi, osoka nsapato a pamenepo akaweruka, ati akamupatse mphatso.

Ndinamufunsa mwanayo ngati mutu wake ukuyenda bwino. Anandiyang'ana ndi maso a bambo ake aja, nati iye si chitsiru, akudziwa bwino lomwe kuti adadi anamwalira, anaona yekha bokosi likutsikira pansi. Koma uthenga ukabwera, dzina limene limawala ndi lawo, ndipo munthuyo amayankha nthawi yomweyo. Anati ine ndimayankha ndi malangizo, inu mumayankha mawa lake.

Kenaka ndinachita chimene ndimaletsa makolo. Ndinaimba nambalayo pa foni yanga. Inalemba kuti "Achimwene", poti nanenso sindinaifufute. Wina anayankha koma osalankhula. Ndinkangomva kupuma, ndi makina ena akulira chapatali. Ndinamulalatira mpaka mpweya kundithera. Nditatha, mawu aamuna, ofatsa, aulemu ndithu, anati ndiyenera kuti ndine azakhali aphunzitsi aja, a galimoto yoyera yovuta kulira m'mawa. Anadula.

Chiyambire tsiku limenelo, mwamuna aliyense woima pafupi ndi geti la sukulu ndimamuyesa iyeyo. Wogulitsa nthochi, wokonza mipope, bambo wodikira mwana wake. Ndimawayang'ana mpaka amadziyang'ana okha ngati adzithira kanthu pa malaya. Nkhope ya munthuyo sindiidziwa. Ndikamuganiza, imene imabwera ndi ya mchimwene wanga, ndipo zimenezo sindidzamukhululukira.

Kupolisi tinapita. Mayi wapolisi woona za ana anasunga foni, nati tisamuyankhenso munthuyo ndipo tisafufute kanthu. Akufufuza, koma akuti nambalayo inalembetsedwa ndi chiphaso cha munthu wina. Kusukulu mwana ndimapita naye ndekha n'kubwera naye. Ahedi adziwa, alonda a pa geti adziwa. Amayi okha sitinawauze. Akangomva kuti nambala ya mwana wawo ikuyankha, adzafuna kuimba nawonso.

Ndinkati basi, zitseko zonse ndatseka.

Dzulo tikutsuka mbale ndinamumva Kachiwala akung'ung'udza kanyimbo. Kanandilowa m'khutu kaye ndisanakazindikire. Mukukumbukira mmene achimwene anamuphunzitsira nambala yawo ali ku sukulu ya mkaka? Anaiika m'nyimbo, n'kumawomba m'manja, kuti akadzasochera mumsika adzangoyimbira munthu wamkulu aliyense kanyimboko, awaimbire foni. Tonse tinkaseka, tinkamupatsa maswiti akamaliza osalakwitsa. Nyimbo ija akuidziwabe, alamu. Foni ili kupolisi, koma nambala ili m'mutu, ndipo anzake ambiri m'kalasi ali ndi mafoni. Pasiwedi ya m'mutu mwa mwana ine ndilibe.

Ndinamufunsa ngati wamuimbiranso munthuyo. Anati ayi. Ndinamufunsa ngati adzamuimbira. Anangopitiriza kupukuta mbale youma kale.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo musandiuze za mabwana anu. Bwerani. Ndikudziwa kuti munapita kumeneko chifukwa cha mwana yemweyu, sindikukuimbani mlandu. Koma pemphani tchuthi, nenani kuti kunyumba kwagwa zovuta, poti zagwadi. Ine ndingathe kumuperekeza, kumudikira pa geti, kumulalikira mpaka makutu kuwawa. Chimene sindingathe n'kumuuza kuti pa nambala ija bambo ake kulibenso, iye n'kundimvera osandida. Zimenezo azimve kwa inu, mutamukumbatira, mukulira naye limodzi.

Pamene mukukonza ulendo, muzimuimbira pa foni yanga tsiku lililonse akaweruka, ngakhale mutabisala m'bafa ya kuntchito. Musamufunse mafunso, ndamufunsa kale okwanira anthu awiri. Muzingomumvetsera. Mwanayu wasochera, alamu, ndipo akungochita zimene tinamuphunzitsa.

Mundiperekere moni kwa anzanu okhala nawo nyumba, makamaka mayi aja oseka mokweza. Mulungu akusungeni, akutsegulireni njira, akufikitseni kuno msanga.

Ndine mlamu wanu,
Azakhali a Kachiwala